Nkhuku Imene Amalume Anapita Nayo ku Khonsolo

Amalume anga, a Patson Gwaza, ndi munthu wamfupi, wa mapewa akugwa pang'ono. Akamayenda amaika manja kumbuyo ngati akuyendera sukulu. Kutchalitchi kwathu ku Lozells amawatchula kuti a DC, ngakhale sanakhalepo DC. Anali kalaliki chabe pa ofesi ya DC ku Ntchisi. Dzinalo linayamba ngati chipongwe, koma linakhazikika, ndipo eni ake amavomera.

Ine ndine Zelipa, mwana wa mlongo wawo. Ndinabwera kuno ku England kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ndimagona m'kachipinda kakumbuyo m'nyumba mwawo ku Tipton, kamene zenera lake limayang'ana kungalande ya madzi akuda. Sindine munthu wolankhula. Patebulo ndimakhala kumapeto, pafupi ndi furiji, ndipo nthawi zambiri anthu amaiwala kuti ndilipo. Ndiye chifukwa chake ndinaona zimene ndinaonazi.

Amalume anabwera ku England potsatira akazi awo, anti Loyce, omwe ndi nesi. Anabwera ndi masuti awiri ndi makalata owayamikira ochokera kwa mabwana onse amene anagwira nawo ntchito. Palibe ofesi imene inawaitana. Anakalowa ntchito ku weyahausi ina kufupi ndi Coventry, kunyamula makatoni, kamakina kowerenga katundu kali pamkono. Anagwira kumeneko mpaka imvi zinayamba. Koma nsapato zawo za pantchito, zachitsulo kutsogolo, zimene anzawo amangoziponya m'loka, iwo ankazipolisha Lamulungu lililonse akabwera kutchalitchi.

Boma silinawachoke mumtima. Timapepala ta khonsolo timene amaponya pakhomo, tonena za mabini ndi misonkho, ena amatitaya osatiyang'ana, iwo ankatiwerenga mbali zonse. Misonkhano ya makhansala ankaionera pafoni uku akudya, mwina mpaka kutsutsana nawo.

"Iwe, si mmene amatsekera zokambirana mmenemo," ankatero, akuloza foni ndi supuni.

"Bambo a Nicole, akukumvani?" anti Loyce ankawafunsa.

"Boma ndi boma, mayi a Nicole. Kaya Ntchisi, kaya kuno."

Nicole, mwana wawo yekhayo, atalowa sekondale, amalume analembetsa pa yunivesite ina ku Coventry kuphunzira za kayendetsedwe ka boma. Ankapita masiku amene sali pa shifiti. M'kalasi anali wamkulu kuposa aphunzitsi ena. Pamene ine ndinkafika kuno n'kuti ali m'chaka chomaliza, ndipo m'nyumba monse munali mawu amodzi okha: feloshipu.

Anandifotokozera okha tsiku lina ndikusenda mbatatesi. Kunali mayi wina wolemera amene pomwalira anasiya thumba la ndalama loti lizilipira ophunzira a ku yunivesite kukagwira ntchito chaka chathunthu m'maofesi a khonsolo, kuti aone mmene boma limayendera. Theka la malipiro limachokera m'thumbamo, theka lina ku khonsolo. Kale ankatenga ophunzira ambiri, koma ndalama zinali zitayamba kuchepa mbali zonse, ndipo kunali makhansala ena amene ankafuna kuti zingotha.

"Mwina chaka chino n'chomaliza," anatero. "Ndipo ine, Zelipa, zaka zanga zandithera. Chitseko ichi chikatsekeka, ndifera pa makatoni."

Sanalankhule modandaula. Ananena ngati akunena za nyengo.

Anapita ku intavyu atavala suti ya ku Ntchisi imene anti Loyce anaikulitsa m'chiuno. Patapita masabata angapo foni inalira, masana a tsiku limene tonse tinali pa ofu. Anali mayi Ann, mkulu woyang'anira feloshipuyo ku khonsolo, amenenso anatsogolera ofunsa mafunso aja. Amalume anaika foni pokweza mawu kuti tonse timve. Mayiwo anati komiti yawasankha. Anatinso chatsala n'chakuti akuluakulu a thumba la ndalama akumane atsimikize mayina. Ine mawu achiwiriwo ndinawamva bwinobwino. Amalume n'kuti atakhala kale pamasitepe, dzanja lili pakamwa.

Mawa lake anakauza kapitawo wawo, mnyamata wotchedwa Ryan, kuti mwezi ukatha asiya ntchito. Madzulo anatiitana tonse pabalaza.

"Tiyenera kukathokoza," anatero.

"Alembereni imelo," anti Loyce anayankha.

"Imelo? Munthu wakuzula m'matope, iwe n'kumutumizira imelo?"

"Bambo a Nicole, kuchipatala kwathu ngakhale bokosi la chokoleti timakalinena kwa manija. Azungu zimenezi sazifuna."

"Inu mumalandira kwa odwala amene akufuna chithandizo mawa. Ine changa ndalandira kale. Tamvani, ziphuphu zimatsogola, kuthokoza kumatsatira. Kodi ine ndine mwana kuti ndisadziwe kusiyana kwake?"

Anatikumbutsa nkhani imene tonse tinkaidziwa. Ku Ntchisi bambo wina anabwera ndi mbuzi mlandu wake wa malo usanalowe, ndipo amalume anamubweza nayo dzuwa lili pamutu, anthu akuona. Zimenezo zinawadanitsa ndi anzawo a mu ofesi, koma sanasinthe. Komanso mayi awo, agogo anga, sanapitepo kwa munthu wowachitira zabwino ali chimanjamanja. Ngakhale mazira awiri, ankakulunga pakansalu.

Nicole anadzutsa mutu pafoni. "Dad, please don't," anatero. Iye amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi.

"Iwe wabadwira kuno, sudziwa kanthu."

Loweruka anakwera basi kupita ku Lozells, kwa ogulitsa nyama amene amakhala ndi nkhuku zolimba zija, zokoma ngati zalokolo. Anasankha yaikulu. Anatsitsa mpunga wa Kilombero umene mlamu wawo anabweretsa mu sutikesi, umene tinkausungira Khirisimasi. Anaonjezera botolo la uchi wa ku Ntchisi ndi chitenje chatsopano. Anti Loyce anali pa shifiti Lolemba, tsiku lokapereka mphatsozo, ndipo ndikuganiza kuti anakondwa nazo. Mwamuna sanyamula mphatso yekha, ndiye ananditenga ine.

Nyumba ya khonsolo ndi yagalasi, pansi pali kapeti yotuwa. Mlonda wa pakhomo, amene baji yake inalembedwa kuti Hamza, anasuzumira m'chikwama changa, anaona miyendo ya nkhuku, n'kutiyang'ana tonse awiri. Kenako anatilozera mkati. Tinakhala pamipando yodikirira pamodzi ndi anthu odzadandaula za nyumba. Munali kutentha. Nkhuku ija inali itagona mu furiza, ndipo inayamba kusungunuka.

Mayi Ann anatsika akumwetulira. Anali wamtali, tsitsi lotuwa lodula mwachidule, atanyamula kapu ya tiyi. Amalume anaimirira, anamanga batani la jekete, n'kuyamba kulankhula m'Chingerezi chawo cha mu ofesi, chimene anachikonzekera usiku wonse. Anatchula mudzi wawo, mayi awo, zaka za ku weyahausi. Anati banja lonse la a Gwaza silidzaiwala dzina lawo. Kenako anandikodola. Ine ndinachita zimene ndinaphunzitsidwa: ndinapinda maondo, n'kupereka chikwama ndi manja awiri, maso pansi.

Palibe anachilandira. Ndinakhala chomwecho mpaka chikwama chinayamba kundilemera. Nditadzutsa maso ndinaona khosi la mayi Ann litafiira. Anthu onse odikirira aja ankationa. Bambo wina wa tayi amene ankadutsa anachepetsa liwiro, n'kuyang'ana chikwama, n'kuyang'ana mayi Ann.

"Oh, Patson," anatero motsitsa mawu. Anati sangalandire, ngakhale kuchigwira. Anati apepese kwambiri, koma lamulo likuwakakamiza kukanena kwa akuluakulu awo kuti zimenezi zachitika, chifukwa mayina anali asanatsimikizidwe.

Amalume ankamwetulirabe. Anati mwina sanamveke bwino, si malipiro, n'kuthokoza chabe. Mayiwo anati akudziwa. Ananena kawiri kuti akudziwa. Madzi ofiirira anali atadontha pa kapeti pakati pa nsapato zanga, ndipo Hamza anabwera ndi mapepala opukutira.

Tinakwera basi yobwerera. Chikwama chinali pamiyendo panga ndipo kuzizira kunadutsa siketi. Amalume ankayang'ana panja, manja ali pamaondo. Titafika anatenga nkhuku ija okha, anaibwezera mu furiza, pansi penipeni, n'kupita kukagona suti ili m'thupi.

Mayi Ann anaimbanso Lachinayi. Akuluakulu a thumba anali atamva. Nthawi yake inali yoipa, chifukwa makhansala anali pafupi kuvota ngati apitirize kupereka theka lawo, ndipo bambo wa tayi uja anali m'modzi mwa osafuna. Zikanamveka kuti ophunzira amabwera ndi zikwama kwa owasankha, feloshipu yonse ikanathera pomwepo, pamodzi ndi malo a ana ena amene sanalakwe kanthu. Choncho dzina la amalume analiika pambali. Adzafunsidwanso mafunso ndi anthu ena, mayi Ann palibepo.

Masabata otsatirawo sindikumbukira kuti munali phokoso m'nyumba. Anti Loyce sananene kuti ndinakuuzani. Nicole ankatsuka mbale osatumidwa. Amalume anakapempha Ryan kuti aiwale zosiya ntchito zija, koma malo awo anali atalonjezedwa kale kwa wina, ndiye anawasiya pa mashifiti ongoitanidwa pakasowa munthu. Ankapita akaitanidwa, akapanda kuitanidwa ankakhala pabalaza wailesi yakanema ili yozima. Chakudya ankadya chonse, koma ukawafunsa ngati mchere wakwana, ankakuyang'ana ngati wawafunsa za dziko lina.

Kutchalitchi nkhani inali itafika kale, kaya inadzera kuti. Titatuluka, azibambo ataima pakhomo la holo ndi makapu a tiyi, a James, omwe amayendetsa takisi, anafuula.

"A DC! Mwayamba kudyetsa mabwana musanakhale n'komwe pampando? Nanga mukadzakhalapo tidzalimba?"

"Vuto ndi nkhukuyo," wina anatero. "Mzungu ndi mano ake angathe hadi chikeni? Mukanapita ndi ya ku Tesco yofewa ija."

Anaseka onse. Amalume anasekanso, kuseka kwa mano okha. A James atazindikira anawagwira phewa. "Ayi, achimwene, tikungocheza. Zikhala bwino." Amalume anagwedeza mutu n'kumaliza tiyi wawo.

Tsiku la intavyu yachiwiri litayandikira, anti Loyce anawakhazika pansi.

"Mukangonena kuti munalakwa. Basi. Musakafotokoze za mbuzi, musakafotokoze za amayi. Azungu akafuna kumva kuti walakwa, ukayamba kufotokoza amati sunamvetse."

Nicole anawaphunzitsa mawu ake enieni a Chingerezi, amene amanena kusukulu munthu akagwidwa ndi mlandu: kuti ndazindikira, kuti ndalingalira mozama, kuti ndaphunzirapo. Amalume ankawabwereza pambuyo pake ngati mwana wa sitandade wani. Masana ena, tili awiri m'khitchini, anasiya kubwerezako n'kunditembenukira.

"Iwe Zelipa, unalipo. Ndinalakwa?"

Ndinayang'ana mbale imene ndinkapukuta. Ndinaganiza za agogo ndi kansalu kawo ka mazira. Ndinaganizanso za khosi lofiira la mayi Ann.

"Kaya, amalume," ndinatero.

"Ee," anatero. "Kaya."

Ku intavyuko anapita okha. Anabwera madzulo dzuwa lisanalowe, anavula nsapato pakhomo, n'kukhala patebulo. Anti Loyce anawaikira tiyi.

"Zayenda bwanji?"

"Ndanena."

"Mwanena chiyani?"

"Zimene munandiuza. Koma sizinawakwane, ankangondiyang'ana, zolembera zili m'manja. Ndiye ndinaonjezera. Ndinati kwathu ndi mmene tilili. Ndinati ndinakulira m'dziko la ziphuphu, moti munthu umazolowera osadziwa, ndipo ndikuthokoza kuti kuno anditsegula maso." Anatakasa tiyi ngakhale shuga anali atasungunuka kale. "Pamenepo anayamba kulemba. Mayi wina anati ndine wolimba mtima."

Anti Loyce anatenga botolo la shuga n'kulibwezera m'kabati.

Malo a feloshipu aja anawapatsa. Uthenga utabwera, Nicole anakuwa n'kuwakumbatira, iwo anamusisita pamsana kawiri. Abusa anawapempha kuti Lamulungu apereke umboni. Anati mmero ukuwawa. Makhansala anavota kuti feloshipu ipitirire chaka china, ndipo pakapepala kopempha anthu ndi makampani kuti athandize thumba lija anaikapo chithunzi cha amalume, ali pakati pa atsikana awiri, Jade ndi Thandiwe, amene anasankhidwa nawo limodzi. Kapepalako anti Loyce anakamata pafuriji. Amalume akamatsegula furiji amayang'ana kumbali.

Tsopano amadzuka m'mawa, kuvala tayi ndi chingwe cha baji m'khosi, n'kukwera basi. Anawaika ku dipatimenti yoona za makampani osamalira okalamba. Ndimamva kuti amagwira bwino ntchito. Safika mochedwa, sasiya pepala patebulo. Mayi Ann akakumana nawo m'khonde amapatsana moni. Koma misonkhano ya makhansala anasiya kuionera, ndipo timapepala ta mabini timangounjikana pakhomo mpaka ine nditaye. Ukawafunsa za ku ofesi amati, "Kuli bwino," basi.

M'nyengo yozizira kampani ina yosamalira okalamba inalandidwa chilolezo cholemba anthu akunja, ndipo antchito ake anatsala m'malere, masiku a viza akuwathera. Pakati pawo panali mayi Fyness, a ku Chipata ku Zambia, amene amakhala kumbuyo kutchalitchi kwathu ndipo ali ndi ana atatu kumudzi. Khonsolo inaitana antchitowo ku msonkhano, ndipo amalume ndiwo ankalemba nkhani zawo. Anawafotokozera mayi Fyness m'chinenero chathu kumene angapite kuti awalumikize ndi kampani ina, anawakonzera mapepala, anawaimbiranso foni kuwakumbutsa tsiku. Inali ntchito yawo. Mayiwo anapeza malo ku Dudley.

Loweruka lina masana belu la pakhomo linalira. Anatsegula ndi amalume, ine ndinali pamasitepe ndi zochapa. Anali mayi Fyness, atavala chitenje pamwamba pa jekete lalikulu, kumutu duku, m'manja chikwama cholemera. Anali atakwera mabasi awiri. Anapinda maondo pakhomo pomwepo, pasimenti yonyowa.

"Ba Gwaza, nabwela chabe kuonga zikomo. Sembe si imwe, sembe nili mu ndeke. Ni tunthu tung'ono chabe, musaseke."

Anakweza chikwama ndi manja awiri. Pamwamba pankaoneka nsinjiro za m'botolo ndi tinsomba touma ta kapenta. Pansi pake ndinadziwa chimene chinalipo, chifukwa pepala lake linali la ogulitsa nyama a ku Lozells aja.

Amalume sanasunthe pakhomo. Manja anali kumbuyo. Ndinaona zala zawo zikugwirana, zikusiyana, zikugwirananso.

Kenako analankhula, m'Chingerezi. Anati sangalandire, ngakhale kuchigwira. Anati apepese kwambiri, koma ayenera kukanena ku ofesi Lolemba kuti zimenezi zachitika. Anali mawu a mayi Ann, onse, monga mmene anawanenera tsiku lija.

Mayi Fyness anadzutsa maso. "Nalakwa chani, atate?"

"Simunalakwe."

"Nanga ni chani? Vachepa?"

"Sizinachepe, mayi."

"Nchito napeza kudala. Sinifuna vina kwa imwe. Niyamika chabe."

"Ndikudziwa," amalume anatero. "Ndikudziwa."

Anti Loyce anatuluka m'khitchini akupukuta manja. "Bambo a Nicole, alowetseni amwe tiyi. Pano si pa ofesi."

"Alowe. Chikwama chitsale panja."

Mayi Fyness anadzuka pang'onopang'ono, atagwira khoma. Maondo a chitenje anali atanyowa. Anati tiyi amwa tsiku lina, ali ndi shifiti madzulo. Sanakwiye. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wagogoda panyumba yolakwika.

"Zelipa," amalume anatero osatembenuka, "aperekeze. Uwanyamulire."

Ndinavala jekete n'kunyamula chikwama chija. Tinayenda m'mbali mwa ngalande mpaka pokwerera basi. Panali mphepo. Ndinkafuna kuwauza za kapeti yotuwa ija, kuti adziwe kuti si iwo, koma ndinangosinthira chikwama kudzanja lina. Basi itafika ndinawapatsa chikwama, analandira ndi manja awiri, n'kunena kuti zikomo mwana wanga. Anakhala pafupi ndi zenera, chikwama pamiyendo.

Nditabwerera ndinapeza amalume ali pamasitepe, pamene anakhala tsiku limene foni yoyamba inalira. Anali ndi nsapato zawo za ku ofesi ndi kabulashi, koma sankapolisha. Ndinadutsa pambali pawo mwakachetechete kukatenga zochapa zanga.

"Wawakweza?"

"Eya, amalume."

"Chabwino."

Lolemba anakanenadi ku ofesi. Anabwera n'kutiuza kuti manija wawo wawayamikira.

Khirisimasi itafika tinaphika mpunga wa Kilombero uja, chifukwa unali utayamba kuchita anankafumbwe. Anti Loyce akufufuza malo mu furiza anaipeza nkhuku ija pansi, itauma gwa, pepala litamatirira.

"Bambo a Nicole, tiiphike kapena tiitaye? Yakhalitsa."

Amalume anali pabalaza, tayi ili m'khosi ngakhale linali tsiku la tchuthi.

"Isiyeni," anatero.

Anti Loyce anaibwezera, n'kuika mapaketi a nyemba pamwamba pake. Ikadali momwemo.